Zofunika kudziwa polembetsa ana sukulu m'dziko la South Africa

Lilongwe - Amalawi amene akusamukira m'dziko la South Africa pamodzi ndi mabanja awo ali ndi ufulu wolembetsa ana awo m'sukulu za boma za m'dzikolo, koma ntchitoyi imaphweka pokhapokha makolo akatenga zikalata za anawo asadanyamuke kuno kumudzi, komanso akadziwa nyengo imene sukuluzo zimalembera ana.

M'masiku a Wenela ndi Theba, opita ku Joni anali abambo okhaokha ndipo ana amatsala kumudzi ndi amayi awo. Masiku ano amayi nawonso akugwira ntchito ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, choncho nkhani ya sukulu ya ana ikuwapeza komweko.

Gawo 29 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambirira, ndipo silisiyanitsa nzika ndi mlendo. Ngakhale zili choncho, kwa zaka zambiri sukulu zina zinkabweza ana opanda chiphaso cha kubadwa kapena chilolezo chokhalira m'dzikolo.

Izi zidasintha mu December 2019 pamene khoti lalikulu la ku Makhanda, m'chigawo cha Eastern Cape, lidagamula mlandu wokhudza ana 37 amene adatsekeredwa kunja kwa sukulu kaamba kosowa zikalata. Bungwe la Centre for Child Law ndi limene lidatsogolera mlanduwu. Khotilo lidati kukaniza mwana sukulu pa chifukwa chimenechi ndi kuphwanya malamulo oyendetsera dzikolo, ndipo lidalamula kuti akulu a sukulu adzilandira umboni wina wosonyeza kuti mwanayo ndani, monga kalata yolumbira ya kholo kapena womulera, imene ambiri amaitcha afidaviti. Unduna wa zamaphunziro m'dzikolo udatumiza kalata yodziwitsa zigawo zonse za chigamulochi mu 2020.

Mu November 2025, khoti lalikulu la ku Johannesburg lidaletsanso gulu la Operation Dudula, lomwe limalimbana ndi anthu obwera, kusokoneza ntchito za sukulu ndi zipatala komanso kufunsa anthu ziphaso.

Komabe chigamulo cha khoti sichichotsa mzere wa pa ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Kholo lofika ndi zikalata zokwanira limathandizidwa msanga kusiyana ndi lofika chimanjamanja, ndipo zikalata zambiri zimene sukulu imafuna zimapezeka ku Malawi konkuno.

Choyamba ndi chiphaso cha kubadwa, chomwe m'dziko muno chimaperekedwa ndi nthambi ya boma ya National Registration Bureau kudzera m'zipatala ndi m'maofesi a bwanamkubwa. Sukulu imafunanso khadi losonyeza kuti mwana adalandira katemera wa poliyo, chikuku, chifuwa chachikulu cha TB, kafumbata, diphtheria ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Kabuku ka kusikelo, kamene amayi ambiri amakaiwala mwana akangoyamba kuyenda, ndi kamene kamakhala ndi umboni umenewu.

Mwana amene adayamba kale sukulu amafunika kalata ya transifa yochokera kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene akuchokera, pamodzi ndi sukulu lipoti yake yomaliza. Makalatawa ndi osavuta kuwapeza kholo likapita lokha kusukuluko, koma amasanduka chintchito chachikulu munthu akamatuma achibale pa lamya ali ku Johannesburg. Nkofunikanso kuonetsetsa kuti dzina la mwana ndi tsiku lake lobadwa zalembedwa mofanana pa pasipoti, pa chiphaso cha kubadwa ndi pa lipoti, poti kuno kwathu si zachilendo kupeza mwana akudziwika ndi dzina la agogo ake kusukulu pamene pa pasipoti pali dzina la bambo ake.

Pa nkhani ya chilolezo, Amalawi amaloledwa kulowa m'dziko la South Africa popanda viza kwa masiku 30, koma chidindo chimenechi ndi cha mlendo wodzacheza, osati cha mwana wodzaphunzira. Chilolezo cha maphunziro chimafunsidwa kudzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo munthu asadanyamuke. Mwana wopanda chilolezochi sangachotsedwe m'kalasi, koma vuto limadzamupeza patsogolo akafuna kulowa koleji kapena kuyamba ntchito.

Chinthu china chimene chimasokoneza mabanja ambiri ndi kalendala. Ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu September ndi kutha mu July, ndipo chili ndi matemu atatu. Ku South Africa chimayamba mu January ndi kutha mu December, ndipo matemu ake ndi anayi. Mwana amene wamaliza Sitandade 5 mu July nakafika ku Joni mu August, amapeza anzake ali m'kati mwa temu yachitatu, malo m'makalasi atadzaza kale. Amene wanyamuka mu December amakhala ataphunzirako temu imodzi ya kalasi yatsopano, ndipo amakayambira limodzi ndi anzake mu January osataya nthawi yambiri.

Maiko awiriwa ali ndi zaka 12 za pulayimale ndi sekondale, koma amazigawa mosiyana. Kuno pulayimale ili ndi makalasi 8 ndipo sekondale ili ndi anayi. Kumeneko pulayimale imathera Grade 7 ndipo sekondale imayambira Grade 8 mpaka Grade 12. Izi zikutanthauza kuti mwana amene wamaliza Sitandade 7, yemwe kuno akadakonzekera mayeso a Sitandade 8, kumeneko akuyenera kufunsiridwa malo kusekondale. Kulibenso zosankhidwa kudzera m'mayeso a boma monga zimakhalira kuno ndi mayeso a Maneb. Malo amaperekedwa makamaka poyang'ana kumene banjalo likukhala.

M'chigawo cha Gauteng, momwe muli mizinda ya Johannesburg ndi Pretoria, kalembera wa Grade 1 ndi Grade 8 amachitika pa intaneti. Amatsegulidwa chapakati pa chaka kwa masabata ochepa okha, pokonzekera chaka chotsatira, ndipo kholo limaloledwa kusankha sukulu zosaposa zisanu. Oyamba kuganiziridwa ndi ana amene nyumba zawo zili m'dera la sukuluyo, choncho pamafunika umboni wa kumene banjalo likukhala, monga mgwirizano wa lendi. Apa ndi pamene pamavuta Amalawi ambiri ochita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu popanda kulemberana kanthu, ndipo ndi bwino kupempha mwini nyumba kuti mgwirizanowo ulembedwe nyengo ya kalembera isadafike. Ochedwa kulembetsa amangopatsidwa sukulu zimene zatsala ndi malo, zomwe nthawi zina zimakhala kutali. Kwa makalasi ena onse, kholo limapita kusukulu komweko, ndipo likauzidwa kuti malo atha limapita ku ofesi ya zamaphunziro ya m'deralo. Lamulo limaperekanso mwayi wochita apilo kwa nduna ya zamaphunziro ya m'chigawocho.

Msinkhu wa mwana nawo umaunikidwa. Mwa chizolowezi, zaka za mwana zimayenera kufanana ndi nambala ya kalasi yake kuwonjezera 6, kotero wa Grade 4 amayembekezeka kukhala wa zaka 10. Mwana wa zaka 14 amene ali Sitandade 4, zomwe zimachitika kwambiri m'midzi ya kuno kaamba koyamba sukulu mochedwa ndi kubwereza makalasi, amafunika kuti makolo akambirane bwino ndi akulu a sukulu za kalasi yomuyenera. Kwa ang'onoang'ono, lamulo limene mtsogoleri wa dzikolo Cyril Ramaphosa adasainira mu September 2024 lidakhazikitsa kuti kalasi ya Grade R, yomwe mwana amalowa asadayambe Grade 1, ikhale yokakamiza.

Sukulu za boma kumeneko si zonse zaulere. Zidagawidwa m'magulu asanu malinga ndi kapezedwe ka anthu a m'deralo, ndipo za m'magulu atatu oyambirira sizilipiritsa fizi. Zotsalazo zimalipiritsa, koma kholo losauka litha kupempha kuti lichotseredwe gawo lina la fizi kapena yonse. Sukulu ya boma siloledwa kulipiritsa ndalama ya kalembera, ngakhalenso kukaniza mwana lipoti chifukwa cha ngongole ya fizi.

Vuto limene limatenga nthawi kuti lithe ndi la chiyankhulo. Mwana aliyense amayenera kuphunzira ziyankhulo ziwiri mwa zovomerezeka m'dzikolo, ndipo Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka palibepo. Pambali pa Chingerezi, mwana wa Chimalawi amakumana ndi Afrikaans, isiZulu, isiXhosa kapena Sesotho, malinga ndi dera ndi sukulu. Wamng'ono amachitola msanga posewera ndi anzake, koma wofika atakula amavutika polemba mayeso m'chiyankhulo chimene wangochimva kumene.

Pali mwayi umene makolo ambiri saudziwa. Mwana amene walowa sukulu ya m'dzikolo koyamba ali Grade 7 kapena kupitirira apo atha kulembetsedwa ngati wophunzira wobwera, ndipo pa mayeso a Grade 12, omwe amadziwika kuti matric, amaloledwa kulemba chiyankhulo chimodzi chokha n'kutenga phunziro lina m'malo mwa chachiwiricho. Mwayiwu subwera wokha. Kholo limayenera kuupempha kudzera kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo sukulu imatumiza pempholo ku nthambi ya zamaphunziro ya m'chigawo pamodzi ndi malipoti a ku Malawi osonyeza kumene mwanayo adaphunzira makalasi ake oyambirira.