"Borrow me" Si Chingerezi Cholondola Popempha Ngongole

Nyengo yogula feteleza ikayandikira, alimi ena a fodya ku Kasungu amalemba makalata opempha ngongole m'Chingerezi, ndipo mawu akuti "borrow me money" sasowa m'makalatamo. Mawuwa ndi olakwika.

Gwero la vutoli ndi lakuti m'Chichewa mneni mmodzi amagwira ntchito mbali zonse ziwiri: munthu amati "ndabwereka khasu", komanso amati "ndibwerekeni khasu". Chingerezi chimasiyanitsa. Wolandira chinthu ndiye amachita "borrow", pamene wopereka amachita "lend".

Choncho wopempha ayenera kunena kuti "Please lend me money" kapena "May I borrow money from you?" M'kalata yopita kubanki, mawu oyenera ndi akuti "I wish to apply for a loan".

Kusiyanaku kumafunika kwambiri posainira mgwirizano wa ngongole ya zipangizo zaulimi. Pachikalatacho, "lender" ndi banki kapena kampani yokongoza, ndipo "borrower" ndi mlimi, amene adzadulidwe ndalama fodya wake akagulitsidwa kumsika wa Chinkhoma. Mlimi aziyamba wamvetsa dzina limene wapatsidwa pachikalatacho asanasaine.