Ku Mazembe khomo lolowela n'lalikulu, koma kiyi ili na ba Katumbi

Nkhani ya bola ikabuka mu minibasi ya ku Matero olo ya ku Chawama, sipapita nthawi wina asanakambe kuti matimu athu afunika munthu wa ndalama monga Katumbi. Kondakitala amavomeleza, ena kumbuyo amagwedeza mitu. Mwina n'zoona. Koma tisanayambe kupempha Mulungu kuti atipatse Katumbi wathu, tiyeni tione bwino mmene bambo ameneyu wayendetsela TP Mazembe ya ku Lubumbashi, maka-maka pa nkhani yogula na kugulitsa osewela. Anyamata athu ambili anapita m'manja mwake.

Moïse Katumbi si mlendo kuno. Kwao ni ku Kashobwe, pafupi na mtsinje wa Luapula, ndipo anakhalapo mu Zambia zaka zingapo m'nthawi ya ba Chiluba, akucita malonda. Ndalama anayamba kuzipeza pa nsomba, pambuyo pake pa mathilaki na nchito za m'migodi. Anakhala pulezidenti wa Mazembe mu 1997, ndipo kucokela mu 2007 mpaka 2015 anali bwanamkubwa wa cigawo ca Katanga. Timu imene anatenga inali na dzina cabe. Inawinapo cikho ca Africa mu 1967 na 1968, kenaka cikho cimeneco sicinabwelenso kwa zaka zoposa 40.

Cimene anacita n'cosavuta kukamba koma codula kucita. M'malo mogulitsa osewela abwino ku Ulaya mwamsanga, anayamba kuwalipila bwino kuti akhale, n'kugula enanso ku Ghana, Mali, Tanzania na kuno kwathu. Anamanga sitediyamu ya timu ku Kamalondo, imene inatsegulidwa mu 2012. Anagulila timu ndeke. Aliyense amene anayendako m'maiko a mu Africa adziwa kuti ulendo wa maola anayi ungadye masiku awili pa mabwalo a ndeke, conco ndeke si zodzionetsela cabe, ni miyendo ya osewela.

Zotuluka zake munaziona. Champions League mu 2009, 2010 na 2015. Mu December 2010 ku Abu Dhabi, Mazembe inathila Pachuca ya ku Mexico 1-0, Internacional ya ku Brazil 2-0, n'kukhala timu yoyamba ya mu Africa kufika mu fainolo ya Club World Cup. Inter Milan inawamenya 3-0, koma ndani anali kuwelengela zimenezo?

Ife tinadyako. Stoppila Sunzu, Hichani Himoonde, Given Singuluma, Rainford Kalaba, Nathan Sinkala na Kabaso Chongo onse anavalapo yunifomu yakuda na yoyela ija. Usiku wa pa 12 February 2012 ku Libreville, pamene Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenati, amene anamenya penati yothela anali Sunzu, wosewela wa Mazembe. Iye na Himoonde ndiwo anali pakati pa difensi. Kwa mnyamata wa ku Copperbelt, Lubumbashi ni pafupi kuposa Lusaka. Malipilo m'madola, nsima imodzi-modzi, Cibemba cimamveka, ndipo ukafuna kuona amayi ungodutsa pa Kasumbalesa. Ndani angakane?

Manje bvuto inali potuluka. Mu January 2013 Sunzu anapita ku England kukayesedwa ku Reading, imene panthawiyo inali mu Premier League. A kumbali kwake anali kukamba kuti kontilakiti yake ku Mazembe yasila. A Mazembe anati iyai, ikali, ndipo amene amufuna abwele pa tebulo na ndalama. Nkhaniyo inafela pamenepo. Sunzu anabwelela ku Lubumbashi, ndipo anacoka patapita caka cathunthu, mu January 2014, kupita ku Sochaux ya ku France kumene kochi anali Hervé Renard. Sinkala anapita naye pa loni. Caka cimodzi cingaoneke cocepa kwa ife okwela basi, koma wosewela bola ali na zaka mwina khumi cabe zakuti apange ndalama za moyo wake wonse, ndipo bondo silicenjeza likafuna kugonja.

Apa m'pamene timu ya munthu mmodzi wolemela imasiyana na zina. Timu yosauka ikamva ndalama za ku Ulaya imagulitsa usiku womwewo, cifukwa ili na nkhongole. Katumbi analibe njala imeneyo. Anali kufuna zikho, ndipo zikho zinali kumuwonjezela dzina pakati pa anthu a ku Katanga. Mtengo ukapanda kumukondweletsa, wosewela akhala. Sindikamba kuti analakwa lamulo: pepala losainidwa ni pepala. Koma mnyamata amene anasaina zaka zambili ali wokondwa na ndalama ya m'manja, anali kuzindikila mocedwa kuti kiyi ya khomo ili m'thumba la munthu wina.

Ngakhale dziko linalawako mphamvu imeneyi. Mu October 2013, Zambia inali na masewela aubwenzi na Brazil ku Beijing. Mazembe, imene inali na semi-fainolo ya Confederation Cup masiku omwewo, inati Kalaba, Sunzu na Sinkala sali bwino m'thupi. FAZ inawaitanitsa ku Lusaka kuti madokotala awapime. Ku China sanapite, a Immigration anawalanda mapasipoti, koma anyamatawo anakapezeka ku Lubumbashi popanda mapasipoti amenewo. Brazil inawina 2-0. Anthu m'mabasi anawanena kuti sakonda dziko lao. Ine ndiona kuti anali pakati pa mbendela na munthu amene amawalipila kumapeto kwa mwezi, ndipo ambili a ife tikanayang'ana kumene kucokela lendi.

Mapepala omwewo anailumanso Mazembe. Mu 2011, ili na cikho m'manja, CAF inaicotsa mu Champions League pambuyo pakuti Simba ya ku Tanzania yadandaula kuti Janvier Besala Bokungu anasewela akali na kontilakiti ku Espérance ya ku Tunisia. Ndeke, sitediyamu, madola, zonse zinalephela kuongola pepala limodzi.

Ndiye panabwela ndale. Katumbi anasemphana na Joseph Kabila, ndipo mu May 2016 anacoka mu Congo. Mu August 2018 anayesa kubwelela kudzela kuno, koma anamukaniza pa boda ya Kasumbalesa. Anakalowa mu May 2019. M'zaka zimenezi Mazembe inawinabe Confederation Cup kawili, mu 2016 na 2017, Kalaba ali pakati pa zonse. Koma kacitidwe kanasintha. Mbwana Samatta anapita ku Genk mu January 2016, Jackson Muleka ku Standard Liège mu 2020. Timu imene inali kusunga inayamba kugulitsa, ndipo Champions League sinabwelelenso ku Kamalondo kucokela mu 2015.

Kuno kwathu matimu akulu-akulu ali m'manja mwa makampani na boma: ZESCO United, Zanaco, Power Dynamos, Napsa Stars, Green Buffaloes ya asilikali, Red Arrows, Nkwazi ya apolisi. Wabizinesi amene wacita zomveka pa kugulitsa osewela ni Lee Kawanu wa Kafue Celtic, ndipo njila yake ni yosiyana kotheratu. Iye amalela n'kutulutsa. Patson Daka na Enock Mwepu anapita ku Salzburg mu 2017, ndipo mu 2021 Daka anasaina ku Leicester City, Mwepu ku Brighton. Malamulo a FIFA amati wosewela akagulitsidwa kucoka dziko lina kupita lina, 5 pelesenti ya mtengo igawidwe ku matimu amene anamulela kuyambila zaka 12 mpaka 23. Conco Daka atasaina ku England, kandalama kena kanayenela kubwela mpaka ku Kafue.