Memphis Belle, Ndege Imene Inalanditsidwa kwa Nkhunda ndi Dzimbiri

Ndili ndi zithunzi ziwiri za ndege imodzi, ndipo ndikaziika pamodzi mtima wanga umavina. Pa chithunzi choyamba ndegeyo ili panja, utoto uli mbuu chifukwa cha dzuwa ndi mvula, magalasi ochita khungu, ikuoneka ngati nkhalamba imene abale anaiiwala pakhonde. Pa chachiwiri ndi yomweyo, koma yakwezedwa pa mizati m'chinyumba chachikulu, mapiko tambalale, mapulopela anayi ali chilili, magalasi a kumphuno ali waliwali ndi kuwala kwa magetsi. Munthu wosadziwa angatsutse kuti si ndege imodzi. Koma ndi imodzi ndithu, dzina lake Memphis Belle.

Ndi ndege yoponya mabomba ya mtundu wa B-17F, yopangidwa ndi kampani ya Boeing mu 1942, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ili ndi injini zinayi, mapiko ake kuchokera nsonga ina kufika inzake amapitirira mamita 31, ndipo inkanyamula anthu khumi. Woyendetsa wake, Robert Morgan, anaitcha dzinali chifukwa cha bwenzi lake Margaret Polk wa mumzinda wa Memphis ku Tennessee. Inkanyamukira pa bwalo la Bassingbourn ku England, m'gulu la 91st Bomb Group, kukaponya mabomba ku France, Belgium, Netherlands ndi Germany. Masiku amenewo lamulo linali lakuti anyamata akakwanitsa maulendo 25 abwerere kwawo, koma ambiri sankafikako. Ndege zinkagwetsedwa, ena ankafa, ena ankagwidwa ukaidi. A Morgan ndi anzawo anakwanitsa pa 17 May 1943, ulendo wa ku Lorient, doko la ku France kumene kunkabisala sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi za Germany. Sindingabise kuti mabomba a nkhondo imeneyo anaphwanya mzinda wa Lorient pafupifupi wonse. Ndege iyi inanyamula imfa, ndipo n'chifukwa chake ndimafuna ikhalepo, anthu aziiona ndi maso, osangomva m'nthano.

Itabwerera ku America mu June 1943 inazungulira mizinda yoposa 30 kukopa anthu kuti abwereke boma ndalama zoyendetsera nkhondo. Makamu ankathamangira kukaiona. Mu 1944 kunatuluka kanema wa William Wyler wonena za iyo, ndipo dzina lake linamveka ponseponse.

Nkhondo itangotha ulemu wonse uja unatha nayo. Belle inapezeka ku Altus, m'chigawo cha Oklahoma, pamzere wa ndege zodikira kudulidwa ndi kusungunulidwa. Mwa ndege za B-17 zokwana 12,731 zimene zinapangidwa, zochuluka zinathera m'ng'anjo. Ngakhale ina yotchedwa Hell's Angels, imene inakwanitsa maulendo 25 masiku ochepa Belle isanatero, inaphwanyidwa. Mwayi wa Belle unali wakuti meya wa Memphis, Walter Chandler, anaigulira mzindawo ndi madola 350, ndipo mu July 1946 inauluka ulendo wake womaliza kupita ku Memphis.

Inapulumuka ng'anjo, koma inagwa m'mavuto ena oyenda pang'onopang'ono. Kwa zaka zoposa makumi atatu inakhala panja, nthawi yambiri pa chiguwa cha simenti, mvula yake, dzuwa lake. Anthu ofuna kachikumbutso ankazula zimene manja awo afika: mawotchi a kutsogolo kwa woyendetsa, tizitsulo, mawaya. M'kati munatsala mbee. Anthu okoma mtima a ku Memphis anayesetsa, ankaipaka utoto, ankasonkha ndalama, ndipo mu 1987 anaisamutsira ku Mud Island, mu mtsinje wa Mississippi, pansi pa denga lopanda makoma. Denga linaletsa mvula koma silinaletse chinyontho cha mtsinje, ndipo silinaletse nkhunda. Zinamanga zisa, zinasiya zitosi, ndipo zitosi za mbalame zimadya aluminiyamu mwakachetechete. Ndege imene mizinga ya Germany inailephera inali kutha ndi nkhunda!

Mu 2003 anaiphwasula n'kupita nayo ku Millington, pafupi ndi Memphis pomwepo, kuti ayambe kuikonza. Ntchito inakula kuposa matumba a anthu odziperekawo. Mu October 2005 inakwezedwa pa magalimoto akuluakulu ili zidutswazidutswa, phiko palokha, mchira pawokha, ulendo wa ku Dayton, Ohio, ku National Museum of the United States Air Force.

Kuyambira apa nkhaniyi ndimaifotokoza ndikumwetulira. Amisiri a ku Dayton pamodzi ndi anthu ongodzipereka anagwira ntchito zaka 13, maola pafupifupi 55,000. Mawu aja akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, kumeneku anawatsata. Anamasula ndege yonse, kachidutswa kalikonse n'kukayang'ana, kukatsuka, kukapala dzimbiri. Chimene chinali kotheka kupulumutsa anachipulumutsa, chifukwa chitsulo chimene chinauluka pamwamba pa Lorient sichifanana ndi chatsopano ngakhale zitaoneka mofanana. Chimene chinadyekeratu kapena kubedwa, ankachisaka kwa anthu osunga zida zakale za ndege, ndipo chikasowa ankachisula okha ndi manja potsata mapulani a Boeing a nthawi ya nkhondo. Anagwira ngakhale malo obisika m'kati mwa mapiko, kumene mlendo aliyense sadzasuzumirako mpaka kalekale. Ineyo apa ndi pamene amisiriwa ndimawavulira chipewa. Kukongoletsa pamene anthu akuona aliyense amatha, koma kupala dzimbiri pansi pa lata limene udzalitsekanso n'chikondi chenicheni pa ntchito.

Akusupula utoto wakale, mpaka kufika pa chitsulo chenicheni, anapeza chinthu chimene chinali chitaiwalika. Chakumbuyo kwa ndegeyo, cha kumchira, panatulukira mayina a anthu mazanamazana, ozokotedwa pa aluminiyamu. Anali a anthu wamba amene anabwera kudzaiona pa ulendo uja wa mu 1943, nalemba mayina awo ndi timauthenga. Utoto wa zaka zambiri unawakwirira, ndipo anakhala chete mpaka mmisiri wina atapala n'kuona zilembo zikutuluka chimodzichimodzi. Ndimayesa kuganiza mmene anakuwira kuitana anzake. Ndege inali itasunga kaundula wakewake wa anthu amene anaikonda.

Funso lovuta linali lakuti ibwezeredwe ku maonekedwe a tsiku liti, popeza ndege ya nkhondo imasintha mwezi uliwonse, pano chigamba, apo chida chatsopano. Anasankha May 1943, pamene inkatsiriza maulendo ake. Apa kanema wa Wyler uja anabweza mangawa. Zithunzi zimene iye ndi anzake anajambula zinali zamitundu, ndipo zotsalira zimene sizinalowe mu kanemayo zinasungidwa. Amisiri anaziunika chimodzichimodzi kuti aone pamene utoto wobiriwira modera unathera, pamene panali mawanga obiriwira kwambiri m'mbali mwa mapiko ndi mchira, pamene panali chilembo chilichonse. Sanafune ndege yonyezimira ngati galimoto yaukwati. Anafuna Belle ya anyamata khumi aja, monga mmene ankaionera m'mamawa wozizira wa ku Bassingbourn.

Kumphuno kwake kunabwereranso mtsikana wotchuka uja, amene chithunzi chake chinachokera kwa George Petty wa magazini ya Esquire, ndipo amene anachijambula pa ndegeyo nthawi ya nkhondo anali msilikali Tony Starcer. Ndimakonda kakuti mbali ya kumanzere wavala zabuluu, ya kumanja zofiira, ndipo amisiri sanayese kuzifananitsa. Anasiya mmene zinalili. Pambali pake pali mzere wa timabomba 25 tojambulidwa, kamodzi pa ulendo uliwonse. Ngakhale bolodi la mawotchi la woyendetsa, lenileni lija linachotsedwa kalekale, linapezeka likusungidwa ku nyumba ina ya zinthu zakale ya gulu la Eighth Air Force ku Georgia, ndipo linabwezedwa pamalo pake, patsogolo pa mpando wa Morgan.

Pa 17 May 2018, patatha zaka 75 ndendende kuchokera ulendo wa ku Lorient, Memphis Belle inaonetsedwa kwa anthu. Robert Morgan anali atamwalira mu 2004, Margaret Polk mu 1990, ndipo awiriwa sanakwatirane n'komwe. Chibwenzi chinatha nkhondo ili m'kati, dzina lokha n'limene linatsala pa chitsulo. Mwa anyamata khumi aja panalibe amene anali moyo, koma ana ndi adzukulu awo anabwera, nakweza maso kuona ndege imene inabweza makolo awo amoyo.

Siulukanso, ndipo ine ndikugwirizana nazo. Pali ma B-17 ena ochepa amene amaulukabe pa zionetsero, koma iyi ndi imodzi yokha, ikagwa palibe ina. Aikweza pamwamba kuti munthu athe kuyang'ana kumimba kwake, kuona zitseko za mabomba zili zotsegula ndiponso kampira kagalasi kamene mnyamata mmodzi ankadzipindamo ndi mfuti ziwiri, maondo pafupi ndi makutu, kwa maola ambiri m'mphepo yozizira yoluma. Pakhomo la nyumbayo salipiritsa. Mwana aliyense wa sukulu amene wafika ku Dayton angathe kuima pansi pa phiko limene nkhunda zinkagonapo, n'kuwerenga timabomba tija ndi chala chake mpaka 25.