Chamwamba ndi malambe: malonda abwino, koma si mankhwala a shuga

Pa Zalewa, pomwe msewu wopita ku Mwanza umapatukana ndi wa Blantyre ndi Lilongwe, malambe sasowa nyengo ya chilimwe ikafika. Milambe ndi chamwamba zimakonda dera lotentha la m'mbali mwa Shire, ndipo ogula ambiri amazifuna chifukwa anamva kuti zimatsitsa shuga m'thupi.

Msika wake ulipodi. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti akuluakulu pafupifupi 6 mwa 100 alionse m'Malawi anali ndi matenda a shuga. Koma apa mpomwe wamalonda ayenera kusamala pakamwa. Masamba a chamwamba ali ndi michere yambiri, ndipo ufa wa malambe uli ndi vitamini C. Zonsezi ndi chakudya chabwino, koma palibe chimene chimachiza shuga kapena kulowa m'malo mwa metformin, glibenclamide ndi insulin.

Wogula amene wauzidwa kuti "botolo ili likuchizani" akhoza kusiya mapiritsi. Shuga amakwera mwakachetechete n'kumawononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi, mpaka kachilonda kakang'ono kufika podulitsa mwendo. Wogulitsa wataya kasitomala, banja lataya wolidyetsa. Kumbali ya malamulo, bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019, limayang'aniranso mankhwala azitsamba ndi kutsatsa kwake.

Phindu lokhalitsa lili pa ukhondo ndi chilungamo. Masamba a chamwamba ayanikidwe pamthunzi, chifukwa dzuwa limawafwifwitsa ndi kuchepetsa michere, ndipo ufa wobiriwira bwino ndi umene umakopa ogula. Ufa wa malambe usefedwe, usungidwe m'botolo louma lotseka bwino kuti usachite nkhungu. Pabotolo palembedwe dzina la chinthucho ndi tsiku lopakira, osati mndandanda wa matenda. Ogulitsa chakumwa cha malambe akumbukire kuti shuga amene amathiramo ndi yemweyo amene wodwala akumuthawa, choncho kukhala ndi china chosathira shuga ndi njira yopezera makasitomala atsopano.

Ogula nawo asaiwale kuti thandizo lenileni lili pa mbale ya tsiku ndi tsiku: nsima ya mgaiwa yochepa, nyemba, therere ndi masamba ambiri. Manachesi adyedwe pang'ono, osati thumba lonse paulendo umodzi.

Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo kuyambira mu 2007, ndipo odwala shuga amalandira thandizo pa zipatala monga cha Zalewa, cha Lisungwi ndi chachikulu cha boma. Amene akumwa zitsamba zilizonse awauze achipatala, makamaka ngati ali pa insulin kapena glibenclamide, popeza shuga akatsika mopitirira munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, ngakhale kukomoka kumene.