Mmene Thupi Limalangira Mtima

Nkhani yathu lero ikuchokera ku Nsipe, m'boma la Ntcheu, ndipo ikukhudza zinthu zitatu zimene ambiri amaziyesa zosayenderana: kudziletsa, kugwiritsa ntchito thupi, ndi mtendere wa maganizo. Zitatuzi zili ngati mafuwa. Mukachotsapo fuwa limodzi, mphika sukhazikika.

Tiyambe ndi kudziletsa. Iyi ndi mphamvu ija imene imamgwira munthu pamkono pamene mtima ukumuuza kuti, "Chita tsopano lino." Mlimi wa ku Nsipe amaifuna mphamvuyi chimanga chikangoloŵa m'nyumba, ogula atatchera masikelo awo m'mbali mwa msewu wa M1. Akagulitsa chonse pamtengo wozizira, mwezi wa Febuluwale adzachigulanso pamtengo woboola m'thumba. Mnyamata amaifuna pamene ali ndi ndalama za feteleza, anzake akumkodola ku moŵa kapena ku juga ya mpira. Mwana wa Sitandade 8 amaifuna madzulo, buku lili m'manja, anzake akuseŵera pabwalo mwezi ukuŵala.

Kodi mphamvu imeneyi munthu amabadwa nayo, kapena amachita kuiphunzira? Makolo a dera lino adali nalo yankho lawo. Nsipe ali m'dziko la Angoni a Maseko, anthu a Inkosi ya Makosi Gomani. M'zaka za m'ma 1930 mayi wina wa ku Mangalande, Margaret Read, adakhala pakati pa Angoni a m'dziko muno, ndipo m'chaka cha 1959 adatulutsa buku lofotokoza kaleredwe ka ana awo. Iye adaona kuti Angoni ankamuyesa munthu poyang'ana ulemu wake ndi kudzigwira kwake. Adaonanso kuti khalidweli silinkaphunzitsidwa ndi pakamwa pokha. Mnyamata akayamba kuguluka mano a ubwana ankachoka m'nyumba ya amake nakagona kumphala ndi anzake. Usana ankakhala kubusa, kuthamangitsa ng'ombe, kulimbana ndi anzake, kupirira dzuŵa ndi njala kufikira nthaŵi yotsekera ziŵeto.

Onaninso gule wa ngoma, amene amavinidwabe pa Umhlangano wa chaka ndi chaka ku Nkolimbo. Mlendo amangoona ukali: zishango, zibonga, fumbi lili koboo. Koma wovina amadziŵa kuti ngoma ndi gule wodikira. Phazi lili m'mwamba, thupi lonse likufuna kuponda, koma sungaponde mphindi yake isanakwane, pakuti amuna onse pamzere ayenera kuponda ngati munthu mmodzi. Wopupuluma amaononga mzere wonse, ndipo aliyense amamuona. Motero mnyamata wophunzira ngoma amaphunzira kumvetsera, kusunga ndondomeko m'mutu, ndi kuugwira mtima pamene mwazi ukuthamanga.

Zimene makolo ankazidziŵa mwa kupenya, akatswiri a sayansi azifotokoza mwa kupima. Ntchito ya kudziletsa, kulinganiza za maŵa ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi imagwiridwa makamaka ndi mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa mphumi. Mbali imeneyi imachedwa kukhwima. Imatsiriza munthu atapitirira zaka 20, ndipo n'chifukwa chake achinyamata amapupuluma kuposa akulu. Tsono ubongo umadya zimene mwazi wabweretsa. Munthu akamayenda ndawala, kupalasa njinga kapena kuvina, mtima umapopa mwazi wochuluka, ndipo thupi limapanga timadzi tina tothandiza timinyewa ta ubongo kukula ndi kulumikizana.

M'chaka cha 2011 Kirk Erickson ndi anzake ku America adalengeza zimene adapeza pa anthu achikulire 120. Theka la iwo ankayenda ndawala masiku atatu pamlungu kwa chaka chathunthu. Enawo ankangowongola ziŵalo. Atawajambula ubongo, adapeza kuti mwa oyenda aja kachigawo kothandiza kukumbukira, kotchedwa hippocampus, kadakula ndi magawo 2 pa 100, pamene mwa anzawo kadanyala pang'ono monga kamachitira ndi ukalamba.

Komanso njira yake ndi yopita ndi kubwera. Kafukufuku wa m'chaka cha 2015, wotsatira anthu oposa 4,000 a zaka 50 ndi kuposerapo ku England, adaonetsa kuti olimbitsa thupi amasunga nzeru zolinganiza zinthu, ndiponso kuti amene nzeruzi zafooka amasiya msanga kulimbitsa thupi. Tinene kuti kudzuka m'mamaŵa kukathamanga kumafuna kudziletsa, ndipo kuthamangako kumabweza kudziletsa kwina pamwamba. Ulesi nawo uli ndi njira yake yofanana, koma yotsetsereka.

Phindu lake silithera paubwana. Mu mzinda wa Dunedin ku New Zealand, ana pafupifupi 1,000 obadwa m'zaka za 1972 ndi 1973 adatsatiridwa mpaka atakula. Lipoti la 2011 lidaonetsa kuti pofika zaka 32, amene adali odziletsa ali ana adali ndi thanzi labwinopo, ngongole zochepa ndi milandu yochepa, ngakhale poŵerengera nzeru zawo za m'kalasi ndi chuma cha makolo awo. Akulu adanena kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komatu tichenjere, tingaweruze mwana wa mmphaŵi molakwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Walter Mischel wa ku Stanford ankaika switi pamaso pa mwana, namuuza kuti akadikira adzalandira ziŵiri. Kwa zaka zambiri anthu ankati mwana wodikirayo ndiye adzapambane m'moyo. Koma m'chaka cha 2018 akatswiri ena atabwereza kafukufukuyu pa ana ambiri, adapeza kuti gawo lalikulu la kusiyanako limachokera ku mabanja amene anawo akuleredwa. Mwana wozoloŵera kuti cha lero maŵa kulibe salakwa potola chimene chili pamaso pake. Wobwera kusukulu m'mimba muli pululu sangaugwire mtima monga wodya phala. Choncho chakudya, tulo tokwanira ndi malonjezo osungidwa ndiwo maziko. Maseŵera amamanga pamwamba pake.

Mwina wina akumvera pano akuti, "Ine ndimagwira khasu kuyambira tambala woyamba, nanga mukufuna ndithamangirenso chiyani?" Zoonadi, kulima, kutunga madzi ndi kukwera mapiri a Ntcheu ndi mtolo wa nkhuni ndi ntchito ya thupi yokwanira, ndipo kumateteza ku matenda ambiri a anthu okhalitsa pampando. Koma akatswiri aona kuti pa nkhani ya mtendere wa maganizo, chimene munthu wachisankha yekha panthaŵi yake yopuma chimathandiza kuposa ntchito yolemetsa yochita mokakamizika. Khasu umaligwira nkhaŵa ili m'mutu. Mpira wa miyendo, wa manja, kwaya yovina ndi ngoma zimakuika pakati pa anzako, pamene pali malamulo, kuseka, ndi wina wokufunsa ukajomba. Zotere zimapeputsa nkhaŵa ndi kukhumudwa, ndipo tulo timabwera bwino. Koma amene wafika posadya, posagona, kapena poganiza zodzichotsera moyo, apite naye kuchipatala msanga. Ameneyo afunika thandizo loposa bwalo la maseŵera.

Nanga muyeso wake ndi wotani? Malangizo a bungwe la World Health Organization a m'chaka cha 2020 akuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi 150 mpaka 300 pamlungu, molimbika kufikira mpweya utakwera pang'ono. Mwana wa zaka 5 mpaka 17 afunika mphindi 60 patsiku.

Tsono inu aphunzitsi, musasandutse nthaŵi ya maseŵera kukhala ya masamu mayeso akayandikira. Mwana amene wathamanga amakhazikika bwino pa desiki. Musagwiritsenso ntchito kuthamanga monga chilango, kuopa kuti mwana angadane nako moyo wake wonse. Inu makolo, mwana wamkazi naye mumpatse mpata wopita kubwalo, asamangothera kumtondo ndi kumjigo. Inu mafumu, sungani mabwalo a m'midzi, asagaŵidwe onse kukhala minda. Ndipo inu agogo odziŵa kuponda ngoma, itanani adzukulu madzulo muwaimike pamzere.