Lipoti limodzi, alembi 5,154

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Koma osenzawo akachuluka popanda dongosolo, dengalo limapendekeka n'kugwa. Vuto lomweli limawakuta akatswiri a kafukufuku akamalemba lipoti limodzi ali m'maiko osiyanasiyana.

M'chaka cha 2015, magazini ya Physical Review Letters idasindikiza lipoti lokhala ndi maina a alembi 5,154. Mwa masamba 33 a lipotilo, 24 adangodzaza maina a alembiwo ndi malo omwe amagwirako ntchito. Kafukufukuyo adachitikira ku CERN, likulu la sayansi lomwe lili pafupi ndi mzinda wa Geneva.

Nanga anthu ochuluka chonchi angalembe bwanji chinthu chimodzi? Amalemba ndi ochepa, enawo amawerenga n'kupereka maganizo. Koma ngakhale olemba atakhala atatu okha, kutumizirana chikalata kumabala chisokonezo. Wina amakonza tsamba lakale, mnzake n'kufufuta zomwe wachitatu adazivutikira usiku wonse. Nambala imodzi ikalakwika pamenepo, ntchito ya zaka zambiri imanyozeka.

Tim Berners-Lee adaona momwe nzeru zinkasowera ku CERN komweko anthu akasiya ntchito. Mu 1989 adapereka ganizo lomwe lidabala World Wide Web, masamba a pa intaneti amene timatsegula lero. Pulogalamu yake yoyamba inkalola munthu kuwerenga komanso kukonza tsamba, koma mapulogalamu amene adatchuka pambuyo pake adali owerengera basi.

Mu 1995, Ward Cunningham wa ku America adabweza mwayi wokonzawo popanga wiki, tsamba lomwe wowerenga aliyense angathe kulisintha. Google Docs idabwera mu 2006, ndipo mu 2012 akatswiri awiri a masamu, John Hammersley ndi John Lees-Miller, adayambitsa WriteLaTeX, yomwe lero imatchedwa Overleaf.

Zida ngati Google Docs ndi Overleaf zidamangidwa pa mfundo zitatu. Chikalata chimakhala chimodzi, pamalo amodzi. Makina amakumbukira yemwe wasintha mawu ndi nthawi yomwe wasinthira. Wina akalakwitsa, zakale zija zimabwezeretsedwa.

Chomwe makina sangathe n'kuweruza akatswiri awiri akasemphana pa tanthauzo la zomwe apeza, kapena pa dzina loyenera kukhala patsogolo. Alembi a lipoti la 2015 adaupewa mkangano wachiwiriwu pondandalika maina motsatira alifabeti: ena potengera maina awo, ena potengera maiko omwe amagwirako ntchito.