Chilonda chimene sichigwirizana ndi nkhani yake

M'boma la Mulanje, lomwe pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 680,000, palibe wogwira ntchito amene amaona thupi la mwana wamng'ono pafupipafupi ngati namwino ndi mlangizi wa zaumoyo. Mphunzitsi amayamba kumuona mwana atafika zaka 6, atavalanso yunifomu. Wapolisi amafika zinthu zitaipa kale. Koma ku sikelo, kaya ndi pa chipatala chachikulu cha pa boma, pa Mulanje Mission, kapena pa zipatala zazing'ono monga Chonde, Muloza ndi Namasalima, mwana amatsitsidwa kumbuyo, kuvulidwa, kuyezedwa thupi ndi kubayidwa katemera. Akadwala malungo, ndi namwino amene amamukweza malaya. Ndiye kuti nkhanza zidziwike msanga kapena zikwiririke mpaka mwana atalumala, zimatengera kwambiri zimene namwinoyo anaphunzitsidwa kuona, kufunsa ndi kulemba.

Kukula kwa vutoli kunayezedwa kale. Kafukufuku wa dziko lonse wa nkhanza kwa ana, amene anachitika mu 2013 motsogozedwa ndi unduna woona za jenda ndi ana mothandizidwa ndi UNICEF, anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa 5 aliwonse ndi mnyamata mmodzi mwa 7 aliwonse anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanafike zaka 18. Pa nkhanza za kumenyedwa, anyamata anali pafupifupi 2 mwa 3 aliwonse. Amene analandira thandizo lenileni anali ochepa zedi. Lamulo nalo lilipo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati wachipatala amene ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti mwana amene akumupima wachitidwa nkhanza kapena walekereredwa, adziwitse msanga ofesi ya chisamaliro cha anthu kapena apolisi, ndipo udindo womwewo limaupereka kwa achibale, olera ana ndi anthu a m'mudzi. Komatu lamulo limangolamula kuti munthu anene zimene waona. Kuonako kumachita kuphunziridwa.

Ngakhale m'mayiko olemera, madokotala anakhala zaka zambiri akumanga mafupa othyoka a makanda n'kuwabwezera kwa anthu omwe anawathyolawo. Zinthu zinasintha mu 1962, pamene dokotala wa ana C. Henry Kempe wa ku Denver ndi anzake anasonyeza kuti mabala a mwana womenyedwa ali ndi maonekedwe awo odziwika. Nzeru yaikulu ya maphunziro amenewa ndi yosavuta: fanizira chilonda ndi nkhani imene yabwera nayo, komanso ndi msinkhu wa mwana. Mwana wothamanga amakhala ndi zipsera m'mawondo, m'miyendo ndi pamphumi, ndipo izi siziopsa. Koma khanda limene silinayambe kukwawa silingadzivulaze lokha mpaka kutupa. Mabala a m'makutu, m'khosi, pamimba ndi m'kati mwa ntchafu sabwera ndi masewera. Mikwingwirima iwiri yoyenda limodzi pamsana ndi chizindikiro cha mkwapulo. Mwana amene wakoka mphika wa phala amapsa mosalongosoka, pachifuwa ndi pamkono, madontho atamwazikana. Koma manja onse awiri akapsa mofanana, malire a chilonda atadula bwinobwino pa mfundo ya dzanja, ndiye kuti wina anawagwira n'kuwaviika. M'dziko muno nkhani za ana ootchedwa manja chifukwa choti aba ndiwo kapena ndalama zochepa zimamveka m'makhothi ndi pa wailesi, ndipo kuchipatala nthawi zambiri zimafika ndi mawu oti "anagwera pamoto". Chinanso choyang'ana ndi nthawi. Chilonda chimene chayamba kale kununkha, pomwe akuti ngozi yachitika dzulo madzulo, chikutsutsa nkhani yakeyo.

Pa nkhani ya kugwiriridwa, kusaphunzira kumawononga kwambiri, chifukwa apa maso okha amanyenga. Ana ambiri amene achitidwa zimenezi sapezeka ndi chilonda chooneka, makamaka ngati papita masiku. Namwino wosadziwa izi amalemba kuti palibe chimene chachitika, ndipo mawu amenewo akafika kupolisi mlandu wafa. Wophunzitsidwa amalemba zimene waona basi, n'kuonjezera kuti kusapezeka kwa chilonda sikutsutsa zimene mwana wanena. Amadziwanso kufunsa. Amamutengera mwana pambali, kutali ndi amene wabwera naye, n'kunena kuti, "Tandiuza, mwanawe, chinachitika n'chiyani?" Samuika mawu m'kamwa pomufunsa kuti kodi ndi amalume ako. Mawu a mwanayo amawalemba momwe atulukira, m'Chichewa kapena m'Chilomwe, osawakongoletsa. Ndipo amawerenga maola: mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa asanathe maola 72, choncho kubweza mwana kuti akatenge kaye kalata ya kupolisi, pa mtunda wa kabaza wa tsiku lonse, ndi kumulanda chitetezo chimenecho. Mtsikana wa zaka 14 amene wabwera ku sikelo ya amayi oyembekezera nayenso ndi mwana. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, ndipo mimba yakeyo ndi funso lofunika yankho ngakhale amene wamuperekeza akuti ndi mwamuna wake.

Pali anthu oganiza bwino amene amakayikira zonsezi, ndipo choyamba chimene amanena n'chakuti ku Mulanje umphawi ndi kulekerera mwana zimaoneka chimodzimodzi. Nyengo yothyola tiyi ikafika, mayi amalawira m'mamawa kupita ku esiteti, khanda atasiyira mlongo wake wa zaka 8. Mwana wotupikana kawirikawiri amachokera m'nyumba yopanda chakudya. Namondwe wa Freddy atakokolola midzi mu Marichi 2023, mabanja ambiri anakhala m'misasa opanda chilichonse chosamalira nacho ana. Kodi amayi onsewa atengeredwe kupolisi? Ayi, ndipo apa pomwe m'pamene maphunziro akufunikira. Namwino wosaphunzira ndi amene amakalipira mayi wosauka pagulu, uku akuphonya mwana amene akuzunzikadi. Wophunzira amafunsa mafunso olekanitsa: kodi m'nyumbamo ana onse ndi owonda, kapena ndi mmodzi yekha, mwina wamasiye kapena wopeza? Kodi chiponde chimene chinaperekedwa chikumufika mwana, kapena chikugulitsidwa pamsika? Kodi mwana amanenepa akagonekedwa m'chipatala n'kuwondanso akangobwerera kwawo? Amadziwanso kuti mphini za kwa asing'anga zimasiya zipsera, kuti wodwala khunyu amagweradi pamoto, ndi kuti pali matenda a magazi amene amatupitsa thupi popanda womenya. Banja losauka lifunika thandizo, ndipo njira yopezera thandizolo ndi ofesi yomweyo ya chisamaliro cha anthu.

Chokayikira chachiwiri n'cholemera kwambiri. Namwino wa pachipatala chaching'ono amakhala m'dera lomwelo, amatunga madzi pa mjigo umodzi ndi banja limene akulinenera, ndipo usiku amagona m'nyumba yopanda mlonda. Wochita nkhanza nthawi zambiri ndi munthu wa pakhomo: bambo womupeza, malume, kapena mayi mwini. Akamangidwa, mwina ndi yemwe amabweretsa ufa. M'midzi ya chikamwini, nkhani zotere zimathamangira kwa mwinimbumba ndi kwa mfumu, n'kuthera pa nkhuku kapena ndalama, ndipo wolakwa akaona kuti zavuta, malire a Mozambique ali pafupi. Ena amaonjezera kuti mbiri ikamveka yoti kuchipatala amanenera anthu kupolisi, amayi adzayamba kubisa ana ovulala. Mantha amenewa si opeka. Koma taonani mtengo wa kukhala chete: nkhanza za pakhomo sizichitika kamodzi, ndipo mwana amene wabwezedwa ndi bandeji lero amadzabweranso atathyoka mkono. Nkhani yothera kwa mfumu imakhazika pansi mitima ya akuluakulu, koma mwana amagonabe m'nyumba imodzi ndi womuzunza. Chimene chimachepetsa chiopsezo kwa namwino ndi kusasenza nkhaniyo yekha. Iye si woweruza ndipo sayenera kutchula wolakwa. Ntchito yake ndi kuthandiza mwana, kulemba, kuuza mkulu wa chipatala, ndi kudziwitsa oyenera. Akauza mayi mwaulemu kuti, "Mayi, chilonda ichi lamulo limandikakamiza kuti anzanga ena achionenso," mayi amene mwina nayenso amamenyedwa amapeza poyambira kulankhula.

Otsutsa ena amangoloza mzere wa odwala umene wafika panja n'kufunsa kuti nthawi yake ichokera kuti. Kuyang'ana msana ndi makutu a mwana amene wavulidwa kale sikutenga mphindi. Chimene chimadya nthawi ndi kusadziwa kopita, ndipo kopitako kulipo: polisi ili ndi nthambi yothandiza ozunzidwa, m'madera muli ogwira ntchito yoteteza ana, nambala yaulere ya 116 imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO, ndipo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli malo a Chikwanekwane, kumene wachipatala, wapolisi ndi wa chisamaliro cha anthu amamuona mwana pamalo amodzi kuti asabwereze nkhani yake kwa anthu ambiri. Izi sizigwira ntchito mofanana paliponse, ndipo galimoto ndi mafuta zimasowa. Komabe namwino amene ali ndi dzina ndi nambala ya foni ya munthu woti amuimbire amasiyana kutali ndi amene anangomva kuti kuli ofesi kwinakwake ku boma.

N'chifukwa chake maphunziro a masiku awiri ku hotela, kumene amapita munthu mmodzi n'kubwerako ndi alawansi ndi kope, sakwanira. Munthuyo akasamutsidwa, nzeru zapita naye. Luso limeneli liyenera kuphunzitsidwa momwe amaphunzitsira kubereketsa: m'kalasi, kenako pafupi ndi bedi la wodwala, wophunzira akuyeserera kufunsa ndi kulemba lipoti mpaka atazolowera. Sukulu ya anamwino ya Mulanje Mission ili pamalo amodzi ndi chipatala chimene chimaona ana tsiku ndi tsiku, ndipo alangizi a zaumoyo, amene amayendetsa sikelo za m'midzi, asasiyidwe kunja. Bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba m'Malawi limafuna kale kuti namwino azionjezera maphunziro ake kuti chiphaso chake chipitirire kugwira ntchito. Liike kuzindikira ndi kunena za nkhanza kwa ana pa maphunziro amene namwino aliyense sangawalumphe.